Mwini Chigayo ndi Munda wa Thonje: Ntchito Yotuma ndi Yosatuma

Pfupajena, komboni ya m'tauni ya Chegutu, muli mabanja ambiri amene makolo awo adachokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi monga wa Dalny ku Chakari ndi wa Cam and Motor ku Kadoma. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead itafooka m'zaka za m'ma 2000, ena mwa ana awo adatsegula zigayo ndi magolosale, kwinaku akulima thonje kunja kwa tauni. Vuto lawo ndi nthawi. Mu Januwale ndi Febuluwale, pamene mbozi zavuta m'munda, mwini chigayo sangachoke pa ntchito yake tsiku ndi tsiku.

Ambiri amatuma aganyu kupalira ndi kupopera mankhwala, koma kuyendera munda amati adzachita okha Lamlungu. Apa ndiye pagona cholakwa. Lamlungu limadza ndi maliro, tchalitchi kapena mvula, ndipo sabata imatha munda osaonedwa. Mazira a mbozi yofiira amaswa pakangopita masiku ngati 5, ndipo kambozi kakaboola chipatso cha thonje kamadyera m'kati, kumene mankhwala safika. Wochedwa kupopera wataya ndalama kawiri, ya mankhwala ndi ya thonje.

Chodabwitsa nchakuti yankho lidapezeka pafupi pomwepa. Malo ofufuzira za thonje ku Kadoma, kumene kale kunkatchedwa Gatooma, adakhazikitsidwa mu 1925. M'zaka za m'ma 1960 akatswiri awiri, John Tunstall ndi Graham Matthews, amene adagwira ntchito ku Gatooma ndi ku Malawi, adaonetsa kuti mlimi apopere potsata chiwerengero cha mazira a mbozi, osati mwachizolowezi. Sabata iliyonse munthu ayende mopingasa munda, asankhe mitengo 24 ndi kuiyang'ana kuyambira pansi mpaka kunsonga. Muyezo umene adapereka unali wakuti mazira 6 a mbozi yofiira, kapena 12 a mbozi ya Heliothis, pa mitengo 24 ndiwo chizindikiro chopopera. Pambuyo pake ku Malawi kudakonzedwa kathabwa ka zibowo ndi zikhomo kowerengera, kuti ngakhale wosadziwa kulemba athe kusunga chiwerengerocho.

Motero kuwerenga mazira, kumene mwini chigayo amakakamira, ndiyo ntchito yosavuta kutuma, pakuti zotsatira zake ndi manambala amene angathe kuwatsimikiza. Mnyamata kapena mtsikana wophunzitsidwa bwino akhoza kuyendera munda tsiku lomwelomwelo la sabata, kulemba m'kabuku, ndi kutumiza manambalawo pa foni asanachoke m'munda. Alipidwe pa sabata, osati pa kuchuluka kwa mbozi zimene wapeza. Ndipo woyendera asakhale yemweyo wopopera, chifukwa amene amalandira ndalama akapopera sachedwa kuona mazira pamene palibe.

Zotsalira mwini munda ndi zochepa koma zolemera: kugamula ngati apopere, kusankha mankhwala oyenera mtundu wa mbozi imene yapezeka, ndi kusunga kiyi wa mosungira mankhwalawo. Kamodzi pa mwezi apite mosalengeza, awerenge yekha mitengo 24, nafanizire ndi za m'kabuku. Ulendo wina wosatumika ndi wa pambuyo pokolola, wokaona ndi maso ake kuti mapesi onse a thonje adulidwa ndi kuwonongedwa, monga lamulo la Zimbabwe lifunira pofuna kuthetsa mbozi ya pinki thonje lina lisanabzalidwe mu Okutobala.