Maina ndi Nyimbo Zoyamba Ndizo Khomo la Kanema

Anthu acikulire m'boma la Chadiza, kwa mafumu Mlolo, Zingalume ndi Mwangala, akukumbukirabe masiku amene galimoto ya kanema ya Zambia Information Services inali kufika pa sukulu madzulo. Nsaru yoyera ikapacikidwa ndipo injini ikalira, zoyamba kufika zinali maina ndi nyimbo. Ambiri anali kuyesa kuti imeneyo ndi nthawi yofuna pokhala kapena yomaliza mceza. Koma kwa opanga kanema, mphindi ziwiri kapena zitatu zimenezi ndizo khomo la nkhani yonse.

Nzeru imeneyi si yacilendo kwa Acewa. Wokamba nthano amayamba ndi mau akuti "Padangokhala," ndipo omvera akabvomera kuti "Tili tonse," phokoso limatha. Pa bwalo la gule wamkulu, kaliridwe ka ng'oma ndi nyimbo zimauza anthu cilombo cimene ciri kudza cisanaoneke. Ciyambi ca kanema cimagwira nchito yomweyo: cimauza mtima wa woonerera ngati akonzekere kuseka, kulira kapena kuopa.

Kampani ya MGM ya ku Amereka inasankha mkango kukhala cizindikiro cace, ndipo kubangula kwace kunayamba kumveka mu kanema m'caka ca 1928. Kampani ya Rank ya ku Mangalande inali kuyamba ndi munthu wamphamvu akumenya cimbale cacikuru. Zizindikiro zimenezi zinali kumveka ngakhale kwa munthu wosadziwa kuwerenga.

Munthu amene anasandutsa maina oyamba kukhala luso lapadera ndi Saul Bass. Mu kanema wa Vertigo wa 1958, iye anaonetsa diso la mkazi ndi mizere yozungulirazungulira, kusonyeza mutu wosokonezeka. Mu Psycho wa 1960, mizere inali kudula maina pakati, pamene nyimbo ya Bernard Herrmann inali kuthamanga ngati mtima wa munthu wothawa. Woonerera anali kugwidwa mantha asanaone coopsa ciriconse.

M'caka ca 1962, Maurice Binder anakonza ciyambi ca Dr. No, kanema woyamba wa James Bond. Munthu akuyenda, ndipo woonerera akumuona kupyolera mu mpope wa mfuti. Mwadzidzidzi munthuyo atembenuka, aombera, ndipo kufiira kwa mwazi kutsika pa nsaru. Popanda mau ndi amodzi omwe, aliyense wadziwa kale kuti nkhaniyi ndi ya ngozi ndi imfa. Cimodzimodzi nyimbo ya Ennio Morricone mu kanema wa makauboyi wa 1966, The Good, the Bad and the Ugly, imatengera munthu ku cipululu asanaone kavalo.

Maina amenewa ali ndi nchito inanso yaikuru, ndiyo kupereka ulemu kwa amene anakhetsa thukuta: wolemba nkhani, wojambula, woimba ndi wosoka zobvala. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kanema sapangidwa ndi munthu mmodzi. Pamene kanema wa I Am Not a Witch unaturuka mu 2017, dziko lonse linawerenga dzina la Rungano Nyoni, mwana wobadwira mu Lusaka, amene analandira mphoto ya BAFTA m'caka cotsatira. Dzina lolembedwa ndilo limene limaitanira mmisiri nchito ina.

Masiku ano acinyamata ambiri m'midzi akujambula masewero pa foni. Ndi bwino kuti iwo asafulumire kuyamba nkhani popanda khomo. Asankhe nyimbo yogwirizana ndi nkhani, pakuti nyimbo ya ukwati siyenera pa sewero la maliro, ndipo alembe dzina la aliyense amene anathandiza, ngakhale agogo amene anabwereketsa nyumba yao. Naonso oonerera akhale cete kuyambira pa mphindi yoyamba, cifukwa nkhani imakhala itayamba kale.