Kafukufuku watsimikiza kuti mankhwala opaka a benzoyl peroxide amathandiza pa ziphuphu za kumaso

Kafukufuku amene akatswiri a matenda a khungu akhala akuchita kwa zaka zoposa 50 waonetsa kuti mankhwala opaka otchedwa benzoyl peroxide amachepetsa ziphuphu za kumaso pafupifupi mofanana ndi maantibayotiki akumwa, ngakhale kuti mtengo wake ndi wotsika.

Zotsatirazi ndi zofunika kwa akuluakulu amene amagula, kusunga ndi kugawa mankhwala, chifukwa maiko ambiri ali pa ntchito yochepetsa kugwiritsa ntchito maantibayotiki mwachisawawa, poopa kuti tizilombo toyambitsa matenda tingaleke kumva mankhwalawo.

Ziphuphu ndi vuto lofala kwambiri. Kafukufuku wa Global Burden of Disease wa chaka cha 2010 anapeza kuti anthu 9.4 pa 100 alionse pa dziko lapansi anali ndi vutoli, ndipo linali pa nambala 8 pa matenda ofala kwambiri. Ambiri mwa ovutikawo ndi achinyamata amene akutha msinkhu.

Ngakhale kuti ziphuphu sizipha, zimasiya zipsera ndi mawanga akuda amene amatenga miyezi yambiri kuti azimiririke, makamaka pa khungu lakuda. Achinyamata ena amachita manyazi mpaka kufika popewa anzawo, pamene ena amathamangira mafuta oyeretsa khungu amene amangowonjezera vutolo.

Madokotala amafotokoza kuti chiphuphu chimayamba pamene kabowo ka pakhungu, komwe kamatulutsa mafuta, katsekeka ndi mafutawo pamodzi ndi khungu lakufa. M'kabowo kotsekekako mumaswana mabakiteriya otchedwa Cutibacterium acnes, amene mpaka chaka cha 2016 ankadziwika ndi dzina loti Propionibacterium acnes. Thupi likayamba kulimbana nawo, malowo amatupa, kufiira ndi kuchita mafinya.

Mabakiteriyawa amakonda malo opanda mpweya wa okosijeni. Benzoyl peroxide akapakidwa, amalowa m'timabowo tija n'kusungunuka, ndipo potero amatulutsa mtundu wa okosijeni umene umawononga mabakiteriyawo. Mankhwalawa amathandizanso kusupula khungu lakufa kuti timabowoto titseguke.

Kusiyana kwake ndi maantibayotiki kwagona apa: antibayotiki amamenya mbali imodzi ya kachilombo, ndipo kachilomboko kakasintha mbali imeneyo mankhwalawo amaleka kugwira ntchito. Benzoyl peroxide amawononga mbali zambiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake mpaka lero sipanapezeke umboni woti mabakiteriya a ziphuphu anasiya kumva mankhwalawa.

Mankhwalawa si atsopano. Anapangidwa koyamba mu 1858, ndipo kwa zaka zambiri akhala akugwiritsidwa ntchito m'mafakitale poyeretsa ufa wa tirigu komanso popanga pulasitiki. Dokotala wa khungu wa ku Canada, William Pace, ndi amene anathandiza kwambiri kuti adziwike ngati mankhwala a ziphuphu, ndipo mu 1965 anafalitsa zimene anapeza atawasakaniza ndi sulfur.

Funso limene akatswiri anali nalo pambuyo pake linali la mphamvu yoyenera ya mankhwalawa, popeza amagulitsidwa pa milingo ya 2.5, 5 ndi 10 peresenti. Mu 1986, gulu la akatswiri a ku America, mwa iwo Otto Mills ndi Albert Kligman, linayerekeza milingo itatuyi pa anthu 153.

Akatswiriwo anapeza kuti mlingo wa 2.5 peresenti unachepetsa ziphuphu zotupa mofanana ndi wa 5 ndi wa 10 peresenti. Chimene chinasiyana n'chakuti amene anapaka wa 10 peresenti anadandaula kwambiri za kuwotcha, kufiira ndi kusupuka kwa khungu. Izi zikusonyeza kuti kugula mankhwala amphamvu kwambiri sikutanthauza kuchira msanga.

Kafukufuku wina amene amatchulidwa kawirikawiri anachitika ku England, m'madera a Nottingham ndi Leeds, ndipo anafalitsidwa mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2004. Anthu 649 amene anali ndi ziphuphu zosafika poipa kwambiri anagawidwa m'magulu asanu, ndipo gulu lililonse linalandira chithandizo chake kwa masabata 18.

Pa amene ankamwa oxytetracycline, anthu 55 pa 100 alionse ananena kuti khungu lawo lasintha mooneka, pamene pa amene ankamwa minocycline chiwerengerocho chinali 54. Pa amene ankangopaka benzoyl peroxide chinali 60, ndipo pa amene ankapaka mankhwala osakaniza benzoyl peroxide ndi erythromycin chinafika pa 66.

Ochita kafukufukuwo ananena kuti kusiyana kwa magulu asanuwa kunali kochepa, koma potengera ndalama, benzoyl peroxide ndi amene anapereka phindu lalikulu, pamene minocycline anali wodula kopambana. Iwo anapezanso kuti maantibayotiki akumwa aja sankagwira bwino ntchito pa anthu amene anali kale ndi mabakiteriya osamva mankhwala.

Komabe, umboni wa ubwino wa mankhwalawa uli ndi malire ake. Mu 2020, bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wa zachipatala, linaunika ntchito 120 zoyesa benzoyl peroxide, zokhudza anthu oposa 29,000.

Bungweli linapeza kuti mankhwalawa angathe kuthandiza kuposa kusapaka kanthu, ndipo sasiyana kwenikweni ndi adapalene kapena clindamycin, omwenso ndi mankhwala opaka. Koma linachenjeza kuti umboniwo ndi wofooka chifukwa ntchito zambiri sizinakonzedwe bwino, ndiponso kuti anthu ena amasiyira mankhwalawa panjira chifukwa cha kuuma ndi kuyabwa kwa khungu.

Ngakhale zili choncho, mabungwe akuluakulu a zaumoyo akupitiriza kuwavomereza. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linaika benzoyl peroxide wa 5 peresenti pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. Malangizo a bungwe la NICE la ku Britain a mu 2021 amaletsa kupereka antibayotiki payekha pochiza ziphuphu, ndipo amati wodwala aunikidwenso pakatha masabata 12.

Nalo bungwe la madokotala a khungu ku America la American Academy of Dermatology, m'malangizo ake a mu 2024, linalimbikitsa kuti wodwala akapatsidwa antibayotiki azipatsidwanso benzoyl peroxide, pofuna kuteteza kuti mabakiteriya asazolowere antibayotikiyo.

Pa nkhani ya chitetezo, mankhwalawa akhala akufufuzidwa kangapo. Mu 1981 kafukufuku wa pa mbewa za mu labotale anaonetsa kuti angathe kukulitsa zotupa pa khungu limene lapakidwa kale mankhwala oyambitsa khansa. Izi zinachititsa bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku America la FDA kupempha kafukufuku wina mu 1991. Litaunika zotsatira zake, mu 2010 bungweli linagamula kuti milingo ya 2.5 mpaka 10 peresenti ndi yosaopsa ndipo ingagulitsidwe popanda kalata ya dokotala.

Mu 2014, FDA inachenjeza kuti anthu ochepa kwambiri matupi awo amadana ndi mankhwala a ziphuphu ogula m'sitolo, ndipo amatha kutupa nkhope kapena kubanika. Munthu woona zizindikiro zotere ayenera kusiya mankhwalawo ndi kuthamangira kuchipatala.

Nkhawa ina inabuka mu March 2024, pamene labotale ya Valisure ya mumzinda wa New Haven ku America inalengeza kuti benzoyl peroxide akakhala pa malo otentha amatha kuwonongeka n'kutulutsa benzene, mankhwala amene amadziwika kuti amayambitsa khansa ya m'magazi. Labotaleyo inayesa mankhwalawa pa kutentha kwa madigiri 37, 50 ndi 70.

Kutsatira lipotilo, FDA inayesa mitundu 95 ya mankhwala a ziphuphuwa, ndipo mu March 2025 inalengeza kuti mitundu yoposa 90 pa 100 ilionse inalibe benzene kapena inali naye wochepa zedi. Mitundu isanu ndi umodzi inapezeka ndi mlingo wokwera, ndipo makampani ake anaichotsa m'masitolo. Bungweli linati chiopsezo choti munthu angadwale khansa chifukwa cha mlingo umene unapezekawo n'chochepa kwambiri, ngakhale atapaka tsiku lililonse kwa zaka zambiri.

Phunziro la nkhaniyi likukhudza kasungidwe ka mankhwala, makamaka m'madera otentha. Kuno ku Malawi, maboma a Nsanje ndi Chikwawa amafika pa madigiri 40 m'miyezi ya October ndi November, ndipo m'galimoto yotseka kapena m'nkhokwe ya malata yopanda siling'i kutentha kumaposa pamenepa. Choncho mankhwalawa ayenera kusungidwa pa malo ozizira, kutali ndi dzuwa, ndipo amene masiku ake atha ayenera kutayidwa motsatira malamulo.

Kwa ogwiritsa ntchito, akatswiri amalangiza kuyamba ndi mlingo wotsika, kupaka pang'ono kamodzi pa tsiku kapena kudumphitsa tsiku, ndi kupaka mbali yonse imene imatuluka ziphuphu m'malo mongodontheza pa chiphuphu chimodzichimodzi. Wopaka ayenera kupewa maso ndi milomo, komanso kusamba m'manja akamaliza, chifukwa mankhwalawa amasukulutsa zovala, zofunda, matawulo ndi tsitsi.

Kusintha sikuoneka tsiku limodzi. Nthawi zambiri pamafunika masabata 6 mpaka 8 kuti munthu ayambe kuona phindu, ndipo ambiri amene amati mankhwalawa sanawathandize amakhala kuti anasiya nthawiyi isanakwane.

Amene ali ndi ziphuphu zikuluzikulu zopweteka, zosiya zipsera zakuya, kapena amene sakuona kusintha patatha miyezi itatu, ayenera kukaonana ndi dokotala chifukwa benzoyl peroxide payekha sangakwanitse kuthana ndi vuto lotere. Anthu akulimbikitsidwanso kugula mankhwala m'masitolo okhawo amene ali ndi chilolezo cha bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, osati ogulitsidwa pa dzuwa m'misika.