Ozimitsa Moto Nawonso Afunika Chisamaliro

Chaka chilichonse, kuyambira mwezi wa Ogasiti mpaka mvula yoyamba, moto wolusa umabuka m'mapiri a Zomba ndi Malosa, kumtunda kwa chigwa chathu cha Domasi. Kawirikawiri umayamba ndi osaka mbewa kapena owotcha makala. Amene amathamangira kukauzimitsa ndi alonda a nkhalango, makomiti osamalira zachilengedwe m'midzi, ndiponso achinyamata a m'mipingo mwathu.

Bala la moto pakhungu limaoneka ndipo timalimanga msanga. Koma munthu amene anatsala pang'ono kuzingidwa ndi moto, kapena anaona mnzake akupsa, amabwerako ndi bala lina la mumtima.

Kodi bala limeneli timalidziwa bwanji?

Munthu amasowa tulo kapena kulota moto usiku uliwonse. Akamva fungo la utsi mtima umagunda kwambiri. Amapsa mtima msanga, amakalipira mkazi ndi ana popanda chifukwa, ndipo ena amayamba kumwa kachasu kuti aiwale. Ambiri amabisa chifukwa anakula akumva kuti mwamuna salira.

Luso loti aphunzire moto usanabuke

Monga momwe timalambulira njira zotchinga moto nyengo isanafike, mtima nawonso ufunika kuukonzekeretsa.

1. Kutchula zimene akumva. Kunena kuti “ndili ndi mantha” si ulesi. Mantha obisika ndiwo amakula.
2. Kupuma pang'onopang'ono. Kukoka mpweya powerenga mpaka 4, ndi kuutulutsa powerenga mpaka 6, kumathandiza mtima kukhala m'malo.
3. Kuyenda awiriawiri. Aliyense akhale ndi mnzake womuyang'anira kumoto ndi womuyendera kunyumba.
4. Kudziwa malire. Wotopa apume, amwe madzi, alowe wina.

Udindo wa mudzi ndi mpingo

M'chaka cha 2011 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo othandizira anthu amene aona zoopsa. Mfundo zake ndi zitatu: kuona amene akuvutika, kumumvetsera, ndi kumulumikiza ndi thandizo. Malangizowa akutichenjeza kuti tisamkakamize munthu kufotokoza zonse zimene anaona. Tikhale naye, adzalankhula yekha akakonzeka.

Ambiri amachira pakapita masabata ochepa. Koma zizindikiro zikapitirira mwezi umodzi, timperekeze kuchipatala chapafupi. Akayamba kulankhula zodzipha, tisadikire ngakhale tsiku limodzi. Pakafunika, achipatala adzamtumiza ku Zomba Mental Hospital. Kupita kumeneko si chamanyazi. Pemphero ndi chipatala sizitsutsana.

Amfumu, akuluampingo ndi amayi a Mvano, mutu umodzi susenza denga. Anthu amenewa amateteza nkhalango yomwe imasunga madzi a mtsinje wa Domasi. Ifenso tiwateteze.

Mafunso okambirana

1. Ndani amazimitsa moto m'mudzi mwathu?
2. Akabwerako kumoto, amawayendera ndani?
3. Tingakonze liti tsiku lophunzitsana luso limeneli Ogasiti asanafike?