Kulera mwana wa kakwiyo amene mayi ake anaphedwa

Foni zambiri zimene zimalira ku likulu la Cheetah Conservation Fund, kufupi ndi tauni ya Otjiwarongo ku Namibia, zimachokera kwa alimi a ziweto. Wina wakola kakwiyo mu msampha wa khola. Wina waombera wamkazi amene amamuganizira kuti akumudyera mbuzi, kenako n'kupeza tiana titatu tikulira pa tchire. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1990 ndi Laurie Marker, ndipo kuyambira pamenepo lakhala likulandira ana amasiye oterewa m'dziko louma kwambiri, lokhala pakati pa chipululu cha Namib ndi cha Kalahari.

Kamwana kakafika, madokotala a zinyama sathamangira kukadyetsa. Munthu wachifundo amaganiza zoti njala ndiyo ikukapha, koma nthawi zambiri chimene chatsala pang'ono kukapha ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndiponso kuzizidwa ngati kagona usiku wonse popanda mayi. Matumbo a nyama yozizidwa ndi youma thupi sagwira ntchito, choncho mkaka ukalowa umangokhala m'mimba n'kuyamba kusasa. Ndiye amayamba akafunditsa, kukabaya madzi a mchere pansi pa khungu kapena kukaika dilipi, kenako kukapatsa chakudya pang'onopang'ono. Mkaka wa ng'ombe sauyandikiza, chifukwa umakatsegula m'mimba ndipo madzi otsala aja amatheratu. Amagwiritsa ntchito mkaka wopangidwira ana a nyama za mtundu wa mphaka.

Vuto lina limaoneka pa ana amene anayamba asungidwa pakhomo pa munthu. Mwini nyumba amawapatsa mnofu wokhawokha, poganiza kuti akuwachitira zabwino. Koma mnofu uli ndi kashiamu wochepa kwambiri. Kutchire kakwiyo amadya gwape ndi chiwindi chake, chikopa ndi timafupa tofewa, ndipo m'menemo ndimo mumachokera zomangira mafupa. Zikasowa, thupi limayamba kusungunula kashiamu wa m'mafupa ake omwe. Miyendo imapindika, mafupa amathyoka kamwana kakangodumpha pa mpando. Madokotala a bungweli amaona zimenezi kawirikawiri ku Somaliland, kumene amasamalira ana a kakwiyo olandidwa kwa anthu amene amawazembetsa pa nyanja kupita ku mayiko a Aluya kuti akakhale ziweto za anthu olemera. Ambiri amafera m'njira. Amene apulumuka ena amakhala opunduka moyo wawo wonse.

Zonsezi mankhwala ndi chakudya chabwino zingathandize. Chimene dokotala sangabwezeretse ndi mayi. Mwana wa kakwiyo amakhala ndi mayi ake pafupifupi miyezi 18, ndipo nthawi imeneyi ndi sukulu. Mayi amagwira kamwana ka gwape kamoyo n'kukaponya pamaso pa ana ake kuti aphunzire kukagwetsa ndi kukaluma pakhosi. Amawaonetsa kudya msanga fisi asanafike, kuthawa mkango, ndi kutalikira munthu. Liwiro loposa makilomita 90 pa ola amabadwa nalo m'miyendo, koma nzeru yodziwa nthawi yoyamba kuthamanga amaitenga kwa mayi.

Apa ndi pamene pagona chisankho chowawa. Kamwana kamene kafika kali kakang'ono kwambiri kamafunika kukayamwitsa pa botolo usana ndi usiku, ndipo kamazolowera dzanja la munthu. Kakwiyo wosaopa munthu akamasulidwa amapita kumene kuli anthu, kumenenso kuli makola, ndipo mapeto ake ndi mfuti. Oterewa amakhala m'mipanda ikuluikulu mpaka kufa, akuthamangitsa kansanza kokokedwa ndi makina kuti thupi lisafooke. Amene anafika atakulirapo, ataona kale mayi akusaka, ndiwo ali ndi mwayi. Amaikidwa kutali ndi anthu, amaponyeredwa nyama yathunthu, ndipo akakula amavekedwa kolala yosonyeza pamene ali n'kumasulidwa m'malo otetezedwa monga Erindi. Masiku oyambirira ogwira ntchito amawalondola, ndipo akaona kuti alephera kugwira kanthu amawasiyira nyama kufikira atazolowera.

Ine ndimaona kuti anthu akunja amafulumira kudzudzula mlimi amene waombera. Akakwiyo ambiri a ku Namibia sakhala m'nkhalango zotetezedwa, amakhala m'mafamu, ndipo popeza amasaka masana, ndiwo amene mlimi amawaona, ngakhale mbuzi yake itagwidwa ndi kambuku usiku. Mbuzi imeneyo ndi fizi ya mwana wake. Kumuuza kuti padziko lonse patsala akakwiyo pafupifupi 7,000 okha sikubweza mbuziyo.

N'chifukwa chake ntchito imene ndimaiyamikira kwambiri si ya botolo ayi, koma ya agalu. Kuyambira mu 1994 bungweli limaweta agalu akuluakulu ochokera ku Turkey, a mtundu wa Anatolian ndi Kangal, n'kuwapereka kwa alimi akadali ana. Kagalu kamakulira m'khola, kamagona ndi mbuzi, mpaka kumaziona ngati abale ake. Akakula sathamangitsa chilombo kukachipha. Amaima pakati pa chilombocho ndi ziweto n'kuuwa mwamphamvu, ndipo kakwiyo, amene amaopa kuvulala chifukwa mwendo ndiwo moyo wake, amabwerera. Alimi ambiri amene analandira agaluwa amanena kuti ziweto zogwidwa zinachepa kwambiri, ndipo misampha anaisiya.

Kwathu kuno ku Malawi akakwiyo anatha kwa zaka pafupifupi 20, mpaka mu 2017 pamene African Parks ndi Endangered Wildlife Trust anabweretsa anayi ku Liwonde kuchokera ku South Africa. Anasankha odziwa kale kudzisakira okha, ndipo pasanapite nthawi yaitali aakazi anabereka. Ana obadwira m'mphepete mwa Shire amenewo anaphunzira kusaka kwa amayi awo.