Mchenga Wokana Madzi Pabwalo la Mpira

Alipo mabwalo ena a mpira amene kapinga wake amauma zigambazigamba, ngakhale ana asukulu athirire masiku onse. Ambiri amanamizira chiswe, koma nthawi zina mlandu uli ndi mchenga. Munthu akakumba pamalopo mvula itangokata, amapeza fumbi lokhalokha.

Chifukwa chake ndi ichi. Mizu ndi masamba zikamaola, ndiponso timizu ta bowa tikamayanga m'nthaka, zimasiya mafuta onga phula amene amakuta mchengawo. Tsono ukaumitsa m'chilimwe, madzi salowanso, amangotsetsereka monga pa nthenga za bakha. Dongo silivuta chotero kawirikawiri, pakuti tizidutswa take ndi tochuluka kwambiri ndipo phulalo silikwana kutikuta tonse.

Kuyesa kwake nkosavuta. Mphunzitsi atape dothi louma, alisalaze, ndi kudontheza dontho limodzi la madzi. Likakhala pamwamba kupitirira masekondi 5, dothilo layamba kukana madzi. Likapitirira mphindi imodzi, vuto lakula. Nthawi zambiri vutoli limakhala m'masentimita 5 a pamwamba.

Osamala mabwalo a gofu ku America, ku Britain ndi ku Australia amathira mankhwala otchedwa wetting agent. Mankhwalawa ndi abale ake a sopo: mbali ina imagwira phula, mbali ina imagwira madzi, motero madzi amapeza njira yotsikira ku mizu. Amawasungunula m'madzi, nawapopera nthaka isanaumitse, kenaka amathirira kuti alowe pansi. Koma phula lija silichoka ai, ndipo mphamvu ya mankhwala imatha. Nchifukwa chake ambiri amabwereza mwezi ndi mwezi m'nyengo yotentha. Sopo wochapira zovala sayenera pa ntchitoyi, pakuti angathe kuwaula kapinga.

Nanga sukulu yopanda ndalama itani? Njira yokhalitsa ndiyo dongo. M'chaka cha 1968 mlimi wina wa ku South Australia anaona kuti mchenga wosakanizidwa ndi dongo ukulandira madzi bwino, ndipo lero alimi ambiri kumeneko amamwaza dongo m'minda yao yamchenga. Dothi lambiri la pachulu lili ndi dongo. Aliphwanye bwino, abaye timaenje pabwalo ndi foloko ya m'munda, ndi kulisesera m'timaenjemo.

Pothirira, athire madzi pang'ono mmamawa, adikire kuti alowe, ndi kuthiranso. Udzu wakufa woyalana pansi aupale ndi kukauika kudzenje la manyowa. Kuutentha pabwalo pomwepo nkolakwa, chifukwa moto nao umatha kuchititsa nthaka kukana madzi.

Ntchitoyi ichitike mvula isanayambe. Bwalo likasiyidwa, madzi a mvula yoyamba adzathamanga pamwamba, nakokolola nthaka, ndipo ana adzasewera pa mchenga wopanda udzu chaka chonse.