Ana Athu Opita Kukaphunzira Kunja

Mu 1975, pamene Mozambique inalandira ufulu, anthu oposa 90 pa 100 alionse sankadziwa kuwerenga ndi kulemba. Aphunzitsi anali ochepa. Madokotala ambiri anali Apwitikizi, ndipo ambiri a iwo anabwerera kwawo. Dziko linkafuna anthu ophunzira msangamsanga. Njira imodzi inali kutumiza ana kukaphunzira kunja.

Kuyambira mu 1977, ana athu anapita ku Cuba, pa chilumba chimene tsopano chimatchedwa Isla de la Juventud. Ankagawa tsiku pawiri: kuphunzira m'kalasi ndi kulima m'minda ya zipatso. Ena mwa iwo anadzakhala aphunzitsi, madokotala ndi alangizi a zaulimi.

Mu 1982, ana ena pafupifupi 900 anapita ku Staßfurt, m'dziko la East Germany. Atsikana anali pafupifupi 200 okha. Kumeneko anaphunzira Chijeremani ndi ntchito zamanja. Anabwerako mu 1988, nkhondo ili mkati. Ambiri anatengedwa usilikali, ndipo ambiri sanagwire ntchito imene anaphunzira.

Apa tikuphunzirapo kanthu. Kutumiza mwana kunja n'kwabwino, koma khomo liyenera kutseguka popita ndiponso pobwera.

Kodi chimatseka khomo n'chiyani?

Choyamba ndi ndalama. Mlimi wa chimanga sangathe kulipira ulendo, chakudya ndi malo ogona m'dziko lachilendo.

Chachiwiri ndi makalata. Mwana wopanda kalata ya kubadwa amavutika kupeza chiphaso, ndipo popanda chiphaso palibe pasipoti.

Chachitatu ndi chinenero. Ife timaphunzira m'Chipwitikizi, koma mayiko onse otizungulira amaphunzitsa m'Chingerezi.

Chachinayi ndi satifiketi. Ikapanda kuvomerezedwa kwathu kuno, zaka zonse zija zapita pachabe.

Mu 1997, mayiko a SADC anasaina pangano la maphunziro. Anagwirizana kuti mayunivesite azisunga malo osachepera 5 pa 100 alionse kuti akhale a ophunzira ochokera m'mayiko anzawo. Anagwirizananso kuti ophunzirawo azilipira mofanana ndi eni dziko. Pangano lili pa pepala. Pofuna kulikumbutsa kwa atsogoleri, tiyenera kudziwa kuliwerenga.

Nafenso pamudzi tili ndi mbali yathu. Tilembetse mwana aliyense akangobadwa. Tisunge makalata ake pamalo pouma, posafika chiswe. Mtsikana tisamutulutse m'sukulu kuti akakwatiwe, pakuti mwayi wopita kunja ndi wakenso. Mwana wa dziko lina akabwera kudzaphunzira kwathu, timulandire monga tifunira kuti wathu akalandiridwe. Ndipo wathu akabwerako, timupatse mpata wophunzitsa ena.

Tikambirane:

1. Kodi m'mudzi mwathu muli munthu amene anaphunzira kunja? Akugwira ntchito yanji?
2. Ndi ana angati pakhomo pathu amene ali ndi kalata ya kubadwa?
3. N'chifukwa chiyani atsikana opita ku Staßfurt anali ochepa?