Kuyesa Nthaŵi ya Purosesa pa Kuumba Zinthu: Mau Oyenera m'Chicheŵa

Chicheŵa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zimene malamulo aakulu a Zimbabwe adazivomereza mu 2013. Chimamveka ku Redcliff, kumene Amalaŵi ambiri adagwira ntchito pa fakitale ya zitsulo ya RISCO, imene idasanduka ZISCO mu 1980 ndi kuima mu 2008. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti mau a pang'anjo angathe kulongosola ntchito ya m'kati mwa kompyuta.

Kuyambira pa chilankhulo cha Simula 67, chimene adakonza Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard ku Oslo, mapulogalamu ambiri amagwira ntchito ndi zimene Angerezi amazitcha objects. Chilichonse chimatuluka mu class yake, monga chitsulo chosungunuka chimatengera maonekedwe a chikombole. Choncho class tiitche chikombole, ndipo object tiitche choumba. Mau akuti kulenga sayenera, pakuti choumba sichichokera pachabe: chimafuna malo mu memory ndiponso nthaŵi ya purosesa.

Nthaŵi imeneyi imayesedwa m'njira ziŵiri. Yoyamba ndi kutchera: timaika choŵerengera poyambira ndi pothera pa kuumba kulikonse. Njirayi siphonya choumba, koma imachedwetsa pulogalamu imene tikuyesayo. Yachiŵiri ndi kusuzumira: purosesa imaimitsidwa kaŵirikaŵiri kuti tione chimene ikuchita, monga kapitao amene amasuzumira antchito. Tikasuzumira ka 1,000 ndi kuipeza ikuumba ka 200, ndiye kuti kuumba kukudya pafupifupi limodzi mwa magawo asanu a nthaŵi. Chida cha gprof, chimene Susan Graham, Peter Kessler ndi Marshall McKusick adalongosola mu 1982, chidaphatikiza njira zonse ziŵiri.

Koma muyeso suthera pamenepo. Monga ng'anjo imasiya zotsalira zofunika kuchotsa, zoumba zimene zatha ntchito zimadzaza memory. M'zilankhulo monga Java, kuumba kumachitika msanga, koma mtengo wake umalipidwa pambuyo pake, pamene chosesa chikuchotsa zinyalalazo, nzeru imene John McCarthy adayambitsa mu Lisp cha m'ma 1959. Woyesa kuumba kokha, osaŵerengera kusesa, wapeza muyeso wopereŵera.

Tsono tikupempha akatswiri anzathu kuti aunike mau asanu aŵa: chikombole, choumba, kutchera, kusuzumira ndi kusesa. Tikapanda kukhazikitsa mau otere, ana a ku Torwood ndi ku Rutendo adzazindikira kompyuta m'Chingerezi chokha, Chicheŵa n'kutsalira pakhomo.